Phunziro: Nkhomaliro ya Tsiku la Khirisimasi Pakhomo Pathu

 Phunziro la ulendo uno ndi la kukhitchini. Ena adabwa kuti bwanji tikukamba za Khirisimasi dzuwa la Okutobala lisanayambe n'kuwotcha komwe, koma tachitira dala. Nkhomaliro ya pa 25 Disembala imadyedwa kwa ola limodzi lokha, koma imakonzedwa kwa miyezi itatu kapena inayi, ndipo mayi amene wayamba kuiganizira pa 23 Disembala kawirikawiri amakhala akuilipira mpaka mu Febuluwale. Zimene tikambirane pano zithandizanso pa masiku ena achisangalalo, monga tsiku la ubatizo wa mwana kapena tsiku limene Bishopu wasanjika manja ana athu, koma tatenga Khirisimasi chifukwa imafika pakhomo pa aliyense tsiku limodzi.

Ndalama zimene zili ndi eni ake kale

Tikayang'ana kalendala tiona kuti kwathu kuno Khirisimasi imagwa pa nthawi yothina. Chimanga chimene tinakolola mu Epulo ndi Meyi chimakhala chikulowera pansi m'nkhokwe, ndipo pamsika mtengo wake umakhala utayamba kukwera. Amene anabzala ndi mvula yoyamba, kumapeto kwa Novembala kapena kumayambiriro kwa Disembala, chimanga chawo chimafuna feteleza wobereketsa patatha pafupifupi milungu itatu chimerereni, omwe ndi masiku omwewo a chikondwerero. Khirisimasi ikangodutsa, mu Januwale ana amabwerera kusukulu kukayamba teremu yachiwiri, ndipo amafuna makope, sopo, yunifolomu, ndalama yoyendera, ena fizi imene. Zonsezi zimagogoda pa chitseko chimodzi, mwezi umodzi.

Mwezi womwewu ndi umene magulu ambiri a banki mkhonde amagawana ndalama. Mayi amatuluka pamsonkhano ali ndi ndalama zimene sanazigwirepo chaka chonse, ndipo akamadutsa pamsika chilichonse chimamuitana. Akuluakulu anati ichi chakoma ichi chakoma, pusi anagwa chagada. Malangizo athu ndi akuti tsiku logawana lomwelo, tisanagule ngakhale paketi imodzi ya shuga, tipatule ya feteleza ndi ya sukulu. Ngati n'kotheka tigule zinthuzo n'kuziika m'nyumba, chifukwa ndalama yomanga pansonga ya chitenje sichedwa kumasuka, komanso imatha mphamvu ili chikhalire. Tonse tikukumbukira kuti mu Meyi 2022 kwacha inachepetsedwa mphamvu ndi 25 peresenti, ndipo mu Novembala 2023 inachepetsedwanso ndi 44 peresenti, mitengo ya zinthu m'masitolo n'kukwera masiku ochepa chabe. Amene anali atagula kale katundu wawo anapuma bwino. Chimene chatsala titapatula zofunikazi ndicho cha phwando, kaya chachuluka kaya chachepa.

Pa nkhani ya katapila sitinyengerera. Kukongola ndalama ya chiwongoladzanja chachikulu pofuna kugula zakumwa ndi nyama ya tsiku limodzi ndi kudya chimanga cha chaka chamawa chisanamere. Tikudziwa chimene chimakankha amayi kuchita zotere. Si dyera ayi. Ndi maso a ana akamamva fungo la nyama kuchokera kunyumba yoyandikana nayo, ndiponso manyazi pamaso pa apongozi amene abwera kudzacheza. Zimenezi ndi zoona ndipo zimapweteka. N'chifukwa chake tikuti tiyambe msanga, kuti chisangalalo cha ana chichokere m'khola ndi m'dimba mwathu, osati m'thumba la wokongoza.

Mpunga ndi nkhuku

M'makomo ambiri a dziko lathu, mukafunsa mwana kuti Khirisimasi n'chiyani, asanatchule za kutchalitchi ayamba watchula mpunga ndi nkhuku. Tisamuseke. Nsima timadya chaka chonse, ndiye mpunga ndiwo umamuuza mwana kuti lero si tsiku wamba. Mpunga wa Kilombero, umene umalimidwa ku Karonga ndi m'madera ena a m'mbali mwa nyanja monga Nkhata Bay, Nkhotakota ndi Salima, ndiwo umakondedwa chifukwa cha fungo lake. Alimi amakolola cha mu Meyi ndi Juni, ndipo miyezi yotsatira kukololako ndi imene mpunga umakhala wotsika mtengo. Pofika Disembala aliyense amakhala akuufuna. Amene tili ndi abale kunyanja tiwatume tsopano. Mpunga wosapuntha umasungika bwino kuposa wopuntha, koma ngakhale wopuntha ukhoza kudikira Khirisimasi ngati uli wouma bwino, uli m'chidebe chotseka kapena m'thumba losalowa mpweya, ndipo suli pansi pa dothi.

Tigule wochuluka bwanji? Apa amayi ambiri amangoyerekeza ndi maso, kenaka mpunga umaperewera kapena umatsala mphika wonse. Kwa anthu amene mpunga ndiwo chakudya chawo chenicheni pa tsikulo, kilogalamu imodzi imakwanira akuluakulu 6 kapena 7. Ana awiri aang'ono tiwawerenge ngati wamkulu mmodzi, koma mnyamata wa zaka 15 amene wakhala akupalira m'munda timuwerenge ngati munthu ndi theka, amayi olera anyamata akudziwa chifukwa chake. Tikawerenga a pakhomo tiwonjezere malo a anthu awiri kapena atatu. Pophika, tipete ndi kusankha miyala dzulo lake, titsuke, ndipo tithire makapu awiri a madzi pa kapu imodzi ya mpunga, kuchepetsako pang'ono ngati mpungawo ndi watsopano. Madzi akauma tichotse nkhuni zoyaka, tisiye makala ochepa pansi, ena tiike pamwamba pa chivindikiro. Kutakasatakasa mpunga ngati tikuphika nsima ndiko kumausandutsa phala.

Nkhani yaikulu ili pa nkhuku, ndipo ndi iyi yatichititsa kulemba phunziroli msanga. Nkhuku ya chikuda imatenga miyezi isanu kapena isanu ndi umodzi kuti ikule mpaka pofika podyedwa, ndiye nkhuku ya Khirisimasi ndi mwanapiye amene anaswedwa cha mu Juni kapena Julayi. Ili kale pabwalo panu pamene mukuwerenga izi. Vuto ndi lakuti pakati pa lero ndi Disembala pali miyezi yotentha, imene chitopa chimakonda kusesa midzi. Nkhuku zimayamba kuodzera, kugwetsa mapiko, kutsegula m'mimba zobiriwira, zina kupinda khosi, ndipo pa mlungu umodzi khola lonse limatha. Chitopa chilibe mankhwala ochiza. Tsabola, phulusa ndi makapisozi a anthu zimene timathira m'madzi a nkhuku siziletsa kachilombo kameneka.

Chimene chimateteza ndi katemera. Alipo katemera wotchedwa I-2, amene amadonthetsedwa dontho limodzi m'diso la nkhuku iliyonse, yaikulu ndi yaing'ono yomwe, ndipo amabwerezedwa pakatha miyezi inayi iliyonse. Amaperekedwa kwa nkhuku zimene zili bwino, chitopa chisanafike. Nkhuku ikadwala kale, katemera saithandiza. Botolo limodzi limakwanira nkhuku zambiri kuposa za khomo limodzi, ndipo likatsegulidwa silikhalitsa, choncho iyi ndi ntchito yoyenera gulu. Amayi khumi akasonkherana n'kukaonana ndi alangizi a ziweto a m'dera lawo, nkhuku za mudzi wonse zikhoza kulandira katemera m'mawa umodzi, zisanatuluke m'khola. Tionjezere chenjezo ili: nkhuku yogula pamsika kapena yopatsidwa ndi abale isasakanizidwe ndi zathu tsiku lomwelo. Ikhale payokha milungu iwiri, chifukwa kawirikawiri chitopa chimalowa m'mudzi pa njinga. Ndipo nkhuku yofa yokha si ndiwo, ikwiriridwe.

Kuphika nkhuku ya chikuda kumafuna kuleza mtima. Nyama yake ndi yolimba, ndiye tiyambe taiwiritsa pa moto wochepa ndi mchere ndi madzi pang'ono, kwa ola limodzi ndi theka kapena kupitirira ngati ndi tambala wamkulu. Ikafewa ndi pamene timaikazinga ndi mafuta, anyezi ndi tomato, kenaka n'kubwezeramo msuzi wake uja. Amene amayamba ndi kukazinga pa moto waukulu amapereka nyama yofiira bwino kunja koma yotopetsa nsagwada za agogo. Nkhuku yachizungu ya m'sitolo imapsa msanga ndipo sifuna madzi ambiri. Ngati anthu achuluka ndipo nkhuku ndi imodzi, mbatata ya kachewere yoduladula imakulitsa mphika popanda kuchotsa ulemu wa ndiwo. Mabanja ena amasonkherana anayi kapena asanu n'kugula mbuzi imodzi, ndipo njira imeneyi timaiyamikira, bola agwirizane za mtengo ndi kagawidwe mbuzi isanaphedwe, chifukwa maubale ambiri asokonekera pa chiwindi ndi matumbo.

Kwa anzathu a kunyanja, amene mwina angakonde chambo, tikumbutsane kuti m'miyezi ya Novembala ndi Disembala kukoka makoka kumaletsedwa chifukwa ndi nthawi imene chambo chimaswana. Chambo chatsika kale kwambiri m'nyanja yathu poyerekeza ndi mmene makolo athu ankachigwirira. Tisakhale ife olimbikitsa asodzi kuphwanya lamulo chifukwa cha nkhomaliro imodzi. Nsomba za m'maiwe oweta zilipo m'madera ambiri, ndipo zouma zophika bwino ndi tomato sizichititsa manyazi.

Pa tsiku la phwando ndiwo zamasamba timazinyoza, ngati kuti ndi chizindikiro cha umphawi. Komatu Disembala ndi mwezi umene bonongwe, chisoso, luni ndi nkhwani wanthete zimamera popanda kulipira. Alangizi a zaumoyo amatiphunzitsa za magulu 6 a zakudya: zokhutitsa, zanyama, zanyemba, zamasamba, zipatso ndi zamafuta. Taonani mmene nkhomaliro ya Khirisimasi imawakwaniritsira mosavuta. Mpunga, nkhuku, nkhwani wotendera ndi nsinjiro, mafuta ophikira, ndi mango amene nthawi imeneyi amangogwa okha m'mitengo. Ndi tsiku limodzi mwa masiku ochepa pachaka pamene banja losauka likhoza kudya magulu onse pa mphasa imodzi. Posinja mtedza tichotse wonse wa chuku, wofota ndi wowawa, chifukwa poizoni wake satha ndi moto. Bowa nayenso amamera nthawi yomweyi. Ngati wazulidwa ndi ana, kapena ndi mtundu umene sitikuudziwa bwino, usalowe mumphika. Chaka ndi chaka timamva za mabanja ogonekedwa m'chipatala chifukwa cha bowa.

Za zakumwa tinenepo pang'ono. Kireti ya zakumwa za m'mabotolo imadya ndalama imene ikanagula nkhuku ina. Botolo limodzi la 300ml la zakumwa zambiri zotere lili ndi shuga wokwana masupuni aang'ono 7 kapena 8, ndipo pakati pa alendo athu pamakhala achikulire odwala shuga ndi kuthamanga kwa magazi amene sangakane chifukwa cha ulemu. Sitikuti ana asalawe, botolo limodzi pa Khirisimasi silinaphepo munthu. Koma thobwa ndi lathu, ndi lokhutitsa, ndipo ndowa imodzi imamwetsa mudzi. Chimera chikonzedwe mu Novembala: tiviike mawere, mapira kapena chimanga, tizifunditse mpaka zitamera, tiyanike ziume, kenaka tisinje kapena tipite nazo kuchigayo. Pa 23 Disembala tiphike phala, lizizire mpaka chala chikhoza kupirira, tithire chimera, ligone, ndipo m'mawa mwake tiliwiritsenso bwinobwino. Kuwiritsa kachiwiriku kusadumphidwe. Thobwa likakhala masiku ambiri limasasa n'kuyamba kulowera kwina, ndiye tiphike lokwanira masiku awiri basi.

M'mawa wa tsikulo

Pali funso limene sitikonda kulifunsa: kodi ndani amatsala pakhomo pamene ena onse apita ku Misa ya Khirisimasi? Tikayang'ana m'tchalitchi tsiku limenelo, mbali ya amayi imakhala ndi mipata, ndipo ena amatuluka mapemphero asanathe chifukwa mtima uli pa mphika. M'makomo ena mayi amapita ndithu, atavala bwino, koma kumbuyo wasiya mtsikana wantchito kapena mwana wamasiye wa achemwali ake, amene chaka chilichonse Khirisimasi yake imathera mu utsi. Mwanayo sadandaula, koma amaona. Ngati wina ayenera kutsala, tisinthane, ndipo amene watsala m'mawa akhale amene anapita ku mapemphero a usiku wa pa 24.

Koma ntchito ikagawidwa bwino palibe chifukwa choti wina atsale. Nkhuni ziwazidwe ndi kusungidwa pouma mu Okutobala, chifukwa nkhuni zonyowa za Disembala zachedwetsa nkhomaliro zambiri mpaka dzuwa kupendeka. Amene ali ndi chitetezo mbaula aona kuti nkhuni zochepa zimakwanira. A m'tauni amene amaphikira magetsi asunge makala pambali. Pa 24 titunge madzi, tisankhe mpunga, tisinje nsinjiro, tiwiritse thobwa, tiphike chigumu kapena mandasi a ana, titsuke mbale zonse. Pa 25 m'bandakucha nkhuku iphedwe n'kuikidwa pa moto, kuti pofika nthawi yonyamuka ikhale itapsa mpaka pafupa. Tiisiye yovindikira pa makala ochepa pamalo pamene ana ndi agalu safika, ndipo pobwera tiiwiritsenso mpaka msuzi utabwata. Abambo ndi anyamata ali ndi gawo lawo pa zonsezi. Kupha ndi kusosola nkhuku, kuwaza nkhuni, kutunga madzi pa njinga, kusesa pabwalo, palibe mwa izi chimene chimachotsa munthu ulemu. Koma tiwauze mlungu usanafike, osati m'mawa womwewo tili kale ndi mkwiyo.

Mpunga wokha usaphikidwe m'mawa. Uphikidwe tikabwera kutchalitchi, popeza umangotenga theka la ola kapena kupitirira pang'ono, nthawi yomwe ena akuphika masamba ndi kuyala mphasa. Chifukwa chake n'chofunika kuchimvetsa. Mumpunga wosaphika mumakhala tizilombo tina timene timapirira kutentha kwa moto. Mpunga ukapsa n'kusiyidwa wofunda kwa maola ambiri, makamaka nyengo yotentha ndi yachinyontho ngati ya Disembala, tizilomboto timaswana n'kutulutsa poizoni amene satha ngakhale titautenthetsanso. Munthu amayamba kusanza patangopita maola ochepa atadya. Mpungawo sununkha, suoneka woipa, ndiye anthu amayamba kuloza zala kwa mlendo kapena kwa mnansi amene anabweretsa mbale, pamene cholakwa chinali nthawi. Bungwe loona zaumoyo pa dziko lonse la WHO limalangiza kuti chakudya chophika chisakhale poyera kupitirira maola awiri. Chikhale chotentha kwenikweni pa moto, kapena chozizira kwenikweni mu firiji.

Khirisimasi imagwanso m'nyengo ya kolera. Mliri umene unayamba mu Malichi 2022 n'kupitirira mu 2023 unali waukulu kuposa yonse imene dziko lathu linaonapo. Anthu oposa 58,000 anadwala ndipo oposa 1,700 anamwalira. Unafika poipa kwambiri masiku omwewo a Khirisimasi ndi chaka chatsopano, mpaka sukulu za m'mizinda ya Lilongwe ndi Blantyre zinachedwa kutsegulidwa mu Januwale 2023. Ena mwa ife tinaika abale m'manda nthawi imeneyo. Phwando limasonkhanitsa anthu ochokera kumadera osiyanasiyana kudzadya ndi manja pamalo amodzi, choncho wophika ali ndi udindo waukulu. Madzi akumwa, osungunulira Sobo ndi otsukira mango awiritsidwe kapena athiridwe klorini, ndipo tikathira klorini tidikire mphindi 30 tisanamwe. Asungidwe m'chidebe chovindikira, chokhala ndi kapu yakeyake yotungira.

Mwambo wosamba m'manja m'beseni limodzi, kuyambira kwa bambo mpaka kwa mwana wotsiriza, tiusiye. Taganizani madzi amene amafika kwa mwana wa zaka zitatu, atadutsa m'manja mwa anthu khumi. Iye ndiye wofooka kuposa onse ndipo ndiye amalandira litsiro la onse. Ulemu sutha ngati mwana wamkulu agwada ndi jagi, sopo ndi beseni, n'kumathirira aliyense madzi oyera. Kwa ife zimaoneka zaulemu kuposa kale. Pokonza kachumbali, tomato ndi anyezi zitsukidwe ndi madzi otetezedwa aja, ndipo mpeni ndi thabwa zimene tinadulira nkhuku yaiwisi zitsukidwe ndi sopo zisanakhudze chilichonse chodyedwa chosaphika. Wina akayamba kutsegula m'mimba kwambiri, timupatse Thanzi ORS nthawi yomweyo ndipo tinyamuke naye kupita kuchipatala osadikira kuti chikondwerero chithe. Ngati paketi palibe, tisungunule masupuni aang'ono 6 a shuga ndi theka la supuni yaing'ono ya mchere mu lita imodzi ya madzi owiritsa, azimwa m'njira.

Pogawa chakudya

Tafika pamene pamaonekera mtima wa nyumba. Nkhuku imodzi ikadulidwa mwachizolowezi imatuluka ntchafu ziwiri, miyendo iwiri, mapiko awiri, nyama ya pachifuwa, msana, khosi, nthutumba, chiwindi, mutu ndi zipalapasiro. Tonse tikudziwa kumene zimapita. Nthutumba ndi ntchafu kwa bambo ndi alendo, mapiko kwa achinyamata, mutu ndi zipalapasiro kwa ana, ndipo mayi amanyambita msuzi wotsalira mumphika ataimirira. Za nthutumba sitikutsutsa. Ndi ulemu wa mwini nyumba kapena mlendo wolemekezeka, ndipo mayi amene waitaya amayankha mlandu. Ipite kumene imapita. Koma nthutumba ndi kanthu kakang'ono. Vuto ndi pamene nyama yonse yeniyeni yatsatira nthutumba.

Njira yake ndi kuwerenga anthu nkhuku isanadulidwe, osati itapsa. Ngati tili anthu 12, tidule nthuli 12 zokhala ndi mnofu, ntchafu iliyonse pawiri, nyama ya pachifuwa panayi, ndipo mutu ndi zipalapasiro zikhale zongowonjezera kwa amene amazikonda. Ana osakwana zaka zisanu ndi amene matupi awo akufuna nyama kuposa wina aliyense pamphasapo. Apatsidwe mbale yawoyawo, ndipo ayambe ndiwo kugawiridwa, chifukwa akadyera pamodzi ndi akuluakulu awo, dzanja laling'ono limabwerera kawiri pamene lalikulu labwerera kasanu. Chiwindi, chimene chimawonjezera magazi, chimuyenera mwana wamng'ono kapena mayi woyamwitsa. Agogo opanda mano tiwanyenyere nyama yofewa, ndipo ngati pali odwala kuthamanga kwa magazi tichepetse mchere mumphika, ofuna wambiri adziwonjezere okha.

Mwana wamasiye amene tikumulera ndiponso wantchito alandire nthuli yofanana ndi ya ana obereka ife, pa nthawi yomweyo, pamphasa yomweyo. Timanena kuti mwana wa mnzako ndi wako yemwe, ndipo mwambiwu umayesedwa pa mphika wa nkhuku. Ana amaiwala zovala zimene tinawagulira, koma munthu amafika zaka 40 akukumbukira kuti kwa azakhali ankadya Khirisimasi kuseri kwa khitchini.

Inunso mayi, khalani pansi mudye. Tikunena izi motsindika chifukwa tikudziwa kuti ambiri aseka powerenga. Patulani nthuli yanu pamodzi ndi za ena, sambani, valani chitenje chanu chatsopano ngati chilipo, ndipo mukhale pamene ana akukuonani. Ana aakazi amaphunzira kwa ife chimene mkazi ayenera kulandira pa nyumba. Mbale zikhoza kudikira, ndipo otsuka alipo, ndi omwe aja adya.

Alendo osayembekezeka adzabwera, imeneyo ndiyo Khirisimasi. Malo awiri kapena atatu amene tinawonjezera powerenga mpunga ndi awo. Akachuluka kuposa pamenepo, ufa ndi madzi otentha zikhale pafupi, nsima imapsa msanga ndipo palibe mlendo wanzeru amene amainyoza. Palinso ena amene sadzabwera okha: mayi wamasiye wokalamba wa kuseri kwa nyumba yathu, wodwala amene sadzuka, banja limene lili pa chisoni. Mbale yawo igawidwe poyamba, pamene mphika uli wodzaza, ipite yotentha ndi yovindikira. Mbale yotumizidwa madzulo, ya zotsalira, wolandira amaizindikira ngakhale athokoze. Ndi bwino gulu lathu likhale pansi mu Adventi n'kulemba maina a anthu otere m'dera lathu, kuti aliyense adziwe khomo limene adzapitako. Popanda kutero, nkhalamba imodzi yodziwika imalandira mbale zisanu pamene ina ya kumapeto kwa mudzi igona ndi njala.

Pali zinthu zina zimene zimapangitsa chakudya kukhala cha chikondwerero popanda kuwononga tambala. Pabwalo posesedwa bwino, mphasa yochapa kapena tebulo loyalidwa nsalu yoyera, maluwa a pakhomo m'botolo, mango osenda oikidwa m'mbale m'malo mongowatayira ana m'manja, wailesi ndi mafoni kuzimitsidwa kwa kanthawi, wamng'ono pa onse kupatsidwa mwayi wotsogolera pemphero. M'mabanja ambiri abambo amadyera paokha, amayi ndi ana paokha, ndipo sitikulamula kuti mwambowu uthe. Koma tsiku limodzi pachaka banja likhoza kuyesa kukhala pamalo amodzi, ndipo amene anayesapo amati ana amalankhula zinthu zimene makolo sankazidziwa.

Zotsala tizisamale nthawi yomweyo. Amene ali ndi firiji aziike m'mbale zosaya kuti zizizire msanga, ndipo mpunga udyedwe pofika mawa lake utatenthetsedwa mpaka kutuluka nthunzi, kamodzi kokha. Amene tilibe firiji, nyama tiiwiritsenso madzulo mpaka kubwata, tiivindikire, m'mawa tiiwiritsenso tisanadye. Mpunga wotsala usagone. Ugawidwe kwa anansi dzuwa lisanalowe, ndipo ngati tinawerenga bwino poyamba paja sutsala wambiri.

Pa Pasaka zinthu zimapepukako, chifukwa mondokwa, maungu ndi mtedza wauwisi zimakhala zafika, ndipo nkhokwe yatsopano ili pafupi. Pa ubatizo ndi pa tsiku losanjika manja vuto limakhala kuchuluka kwa oitanidwa, ndipo mabanja amene ana awo alandira tsiku limodzi akhoza kuphikira pamodzi m'malo moti aliyense akoke yekha.

Pokambirana phunziroli m'magulu mwathu, mtsogoleri afunse amayi kuti chaka chatha ndani anatsala pakhomo pa nthawi ya Misa, ndipo n'chifukwa chiyani anali iyeyo. Afunsenso kuti kwathu nkhuku imagawidwa motani, ndi ziti mwa zimenezo zimene zili ulemu woyenera kusungidwa, ndi ziti zimene zimangomana ana. Achikulire apatsidwe mpata wofotokozera achitsikana kakonzedwe ka chimera, chifukwa ambiri a m'tauni sanaonepo. Pa msonkhano wotsatira mayi aliyense abwere ndi chiwerengero cha nkhuku zimene zili pakhomo pake, anapiye omwe, ndipo gulu lisankhe amayi awiri oti akaonane ndi alangizi a ziweto mwezi uno usanathe.